Pampu Yofinyira Mkaka wa M'mawere: Tigule, Tichite Hayala Kapena Tidalire Manja?

Mlimi aliyense amadziwa masamu a hayala ngakhale sanapite patali ndi sukulu. Amene amatuta chimanga kamodzi pa chaka sathamangira kugula ngolo ndi ng'ombe zake. Amalipira mwini ngolo masiku awiri kapena atatu, ntchito n'kutha. Koma amene amalima dimba chaka chonse amadziwa kuti kubwereka pampu yothirira tsiku ndi tsiku kumadya phindu lonse la masamba, motero amayesetsa kukhala ndi yakeyake. Masamu omwewa ndiwo akufunika pa nkhani ya lero, ngakhale chipangizo chake ndi china: pampu imene mayi woyamwitsa amafinyira mkaka wa m'mawere kuti mwana amwe pamene mayiyo ali kutali, kapena pamene mwanayo sangathe kuyamwa yekha.

Funso lakuti mayi agule kapena achite hayala linayambira ku mayiko olemera. Ku United States, lamulo la zaumoyo la 2010 linachititsa kuti makampani ambiri a inshuwalansi azilipirira amayi pampu, kaya yogula kaya yobwereka. Ku Britain ndi m'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa kuli makampani obwereketsa mapampu amphamvu pa mwezi. Tsopano funsoli lafika kwathu kuno. Mapampu akugulitsidwa m'masitolo a ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka ndi Harare, akutsatsidwa pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo abale ogwira ntchito ku Johannesburg amatha kutumiza ina ngati mphatso akamva kuti kumudzi kwabadwa mwana. Mlangizi wa zaumoyo kapena mayi wotsogolera gulu la amayi m'mudzi ayenera kukhala ndi yankho lolongosoka akafunsidwa, chifukwa pa nkhaniyi pali ndalama za banja komanso moyo wa khanda.

Ndani akufunikadi kufinya mkaka?

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana aikidwe kubere mkati mwa ola limodzi atangobadwa, ayamwitsidwe mwakathithi kwa miyezi 6, kenako apitirize kuyamwa mpaka zaka 2 kapena kupitirira apo uku akudya zakudya zina. Mayi amene ali ndi mwana wake tsiku lonse, kumunda, kudimba kapena kumsika, ndipo mwanayo akuyamwa bwino, safunikira pampu ya mtundu uliwonse. Mwana wathanzi amatulutsa mkaka m'bere bwino kuposa makina alionse.

Komabe pali amayi amene kufinya mkaka sangakuthawe. Oyamba ndi amene abereka mwana masiku asanakwane, kapena mwana wodwala amene wagonekedwa m'chipatala. Lipoti la padziko lonse lotuluka mu 2012 linaonetsa kuti pa nthawiyo Malawi ndiye anali patsogolo pa vutoli, pakuti ana 18 mwa ana 100 alionse ankabadwa masiku asanakwane. Ana otere amakhala opanda mphamvu zoyamwira, koma ndiwo amafunitsitsa mkaka wa mayi wawo chifukwa umawateteza ku matenda oopsa a m'matumbo amene amapha makanda ang'onoang'ono. Mayi wotere amalangizidwa kuyamba kufinya m'maola oyambirira atangochira, ndi kumafinya kosachepera ka 8 pa maola 24, usiku womwe, kuti mkaka usaphwe.

Achiwiri ndi amayi a pa ntchito yolembedwa, a pa sukulu ndi a malonda oyendayenda. Lamulo la ntchito la ku Malawi la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu. Ku Zambia lamulo la 2019 limapereka masabata 14, ku Zimbabwe ndi masiku 98, pamene ku Mozambique lamulo la 2023 linakweza tchuthicho kufika pa masiku 90. Palibe dziko ngakhale limodzi mwa amenewa limene tchuthi chake chimafika miyezi 6. Mayi wa ku Malawi amene wabwerera ku ntchito patatha masabata 8 amatsala ndi miyezi pafupifupi 4 yoti mwana adalire mkaka wa m'mawere wokha iye kulibe masana.

Achitatu ndi amayi amene mawere adzaza ndi kulimba moti mwana akulephera kugwira bere, kapena amene ali ndi zilonda pa nsonga ya bere. Vuto la amenewa limakhala la masiku ochepa, ndipo kawirikawiri limatha mwana akaikidwa kubere moyenera.

Mapampu si ofanana

Musanakambe za mtengo, dziwani kaye mtundu wa pampu imene ikukambidwa. Pali kapampu kampira konga hutala ya njinga, kamene kamagulitsidwa motchipa. Akatswiri a zoyamwitsa sakavomereza chifukwa mkaka umalowa mumpiramo, mmene simungatsukike bwino, ndipo kukoka kwake kumatha kupweteka bere. Pali pampu yopopa ndi dzanja, imene safuna magetsi ndipo zidutswa zake n'zochepa. Pali pampu yamagetsi kapena yabatire yopangidwira mayi mmodzi. Pomaliza pali pampu yaikulu ya m'chipatala, monga Medela Symphony, yopangidwa kuti amayi ambiri aigwiritse ntchito mosinthana. Imeneyi ndiyo imabwereketsedwa, popeza mtengo wake wogulira ndi wokwera kwambiri kwa banja wamba.

Kusiyana kwenikweni kuli mkati mwa makina. Mapampu ena ali ndi chotchinga chimene chimaletsa mkaka ndi chinyezi kulowa m'timapaipi ndi mu injini. Ena alibe, choncho timadontho ta mkaka timakokedwera mkati mmene dzanja kapena madzi owira sangafike, ndipo mmenemo mumatha kumera chuku ndi kuswana tizilombo. N'chifukwa chake bungwe la FDA la ku United States limanena kuti pampu yopangidwira mayi mmodzi isabwerekedwe kapena kugulitsidwa kwa wina. Ngakhale pampu yaikulu ya m'chipatala ija, mayi aliyense amayenera kukhala ndi zidutswa zakezake zokhudza bere ndi mkaka: kafanulo koika pabere, timipira, timapaipi ndi botolo lolandirira.

Alimi a thonje amvetsa msanga mfundoyi. Sipuleya imene mnzako anapoperamo mankhwala opha udzu ikhoza kuoneka yoyera kunja, koma zotsalira za m'paipi zikhoza kuwotcha munda wonse. Pampu yakale yogulidwa pa kaunjika kapena yobwerekedwa kwa mlamu ili chimodzimodzi: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. M'chigawo chathu, mmene kachilombo ka HIV kakadali pakati pathu ndipo kamatha kupezeka mu mkaka wa m'mawere, kubwerekana zidutswa zimene zakhudza mkaka wa mayi wina n'kosayenera m'pang'ono pomwe. Izi sizikutanthauza kuti mayi amene ali ndi kachilomboka asayamwitse. Malangizo a WHO a 2016 amanena kuti mayi amene akumwa mankhwala a ARV mokhulupirika ayamwitse kosachepera miyezi 12, ndipo atha kupitiriza mpaka miyezi 24 kapena kupitirira. Choletsedwa ndicho kusakaniza zipangizo za amayi awiri.

Pamene hayala ili ndi nzeru

Hayala imayenera mayi amene akufuna pampu yamphamvu kwa nthawi yochepa: amene khanda lake lili m'chipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, amene wabereka mapasa ofooka, kapena amene wadwala n'kusiyana ndi mwana kwa masabata angapo. Pampu yaikulu imafinya mawere onse awiri nthawi imodzi, ndipo izi zimapeputsa ntchito ya mayi wofinya ka 8 pa tsiku. Mwana akayamba kuyamwa yekha, pampu imabwezedwa ndipo kulipira kumathera pomwepo. Ikawonongeka popanda kusasamala kwa mayi, kukonza kumakhala kwa mwini wake, malinga ngati pangano likutero.

Wochita hayala afunse mafunso awa asanapereke ndalama. Kodi pampuyi inapangidwira anthu ambiri? Kodi zidutswa zokhudza mkaka n'zatsopano, zosatsegulidwa? Kodi chikole ndi ndalama zingati, ndipo chidzabwezedwa liti? Kodi lendi ikuwerengedwa pa sabata kapena pa mwezi wathunthu? Nanga ikapsa chifukwa cha kubwera kwa magetsi mwamphamvu, alipire ndani? Paja safunsa anadya phula. Ndipo asanapite kwa wamalonda, mayi ayambe wafunsa anamwino a pa chipatala chimene mwana wagonekedwa, chifukwa kumeneko ndiko amaphunzitsa kafinyidwe ndi kamwetsedwe popanda malipiro.

Pamene kugula kuli ndi nzeru

Kugula kumayenera mayi amene adzafinya kawiri kapena katatu pa tsiku kwa miyezi yambiri, monga mphunzitsi, namwino, kalaliki kapena wophunzira wa ku koleji. Kwa ambiri mwa amenewa pampu yopopa ndi dzanja imakwanira, ndipo imalowa m'chikwama popanda kufuna soketi. Pampu yogula ikhozanso kudzathandiza mayi yemweyo pa mwana wotsatira ngati yasungidwa bwino.

Wogula akumbukire kuti mtengo wa m'sitolo si womaliza. Timipira timatha msanga, ndipo tikatha pampu imasiya kukoka. Ngati zidutswa zake sizipezeka m'dziko muno, pampuyo imasanduka chokongoletsa pa shelefu. Kafanulo nakonso kali ndi masaizi. Mapampu ambiri amabwera ndi ka mamilimita 24, koma amayi sali ofanana. Kakachepa kamakhula nsonga ya bere mpaka chilonda, kakakula sikatulutsa mkaka bwino. Kufinya sikuyenera kupweteka, ndipo ngati kukupweteka pali china chimene chalakwika.

Tiyeni tiwerengere m'matumba a chimanga

Popeza mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi ndipo ndalama za mayiko athu n'zosiyana, tiyeni tingoyerekeza ndi matumba a chimanga kuti njira yowerengera imveke. Tinene kuti pampu yamagetsi yogula ikufanana ndi matumba 7, hayala ya pampu yaikulu ndi matumba 2 pa mwezi, ndipo zidutswa zatsopano za mayi wochita hayala ndi thumba limodzi. Mwezi woyamba wa hayala udya matumba 3. Pofika mwezi wachiwiri apita matumba 5, wachitatu matumba 7, wachinayi matumba 9. Apa zikuoneka kuti wofuna pampu kwa masabata 6 apindula ndi hayala, pamene wofuna kwa miyezi 4 kapena kuposa apindula ndi kugula. Ikani mitengo yeniyeni ya kwanuko m'malo mwa matumbawo, muwonjezerepo ndalama zoyendera pokatenga ndi pokabweza, ndipo mudzapeza mwezi umene hayala imayamba kuluza.

Zimene wogulitsa satchula

Pampu imayenda ndi zinthu zitatu zimene sizili m'bokosi lake: magetsi, madzi oyera ndi malo ozizira. Kalembera wa ku Malawi wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ngakhale m'tauni magetsi sakhala odalirika nthawi zonse. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo mu 2024 chilala chinatsitsa madzi a m'nyanja ya Kariba moti mabanja ambiri a ku Zambia ankakhala mumdima mbali yaikulu ya tsiku. Mayi amene sadziwa njira ina kupatula pampu yamagetsi amavutika pa nthawi zotere, mawere n'kutupa, mkaka n'kuyamba kuchepa.

Kutsuka nakonso ndi ntchito. Nthawi iliyonse mayi akamaliza kufinya, zidutswa zonse zokhudza mkaka zimasulidwe, zitsukidwe ndi sopo ndi madzi otentha m'beseni losungidwira ntchito yokhayo, ndipo ziume zokha pamalo oyera. Ngati mwana sanakwanitse miyezi 2, kapena anabadwa masiku asanakwane, zidutswazo ziwiritsidwe kwa mphindi 5 kamodzi pa tsiku. Zimenezi zimafuna nkhuni kapena makala, sopo ndi nthawi. Mu 2023 bungwe la CDC la ku United States linafalitsa nkhani ya khanda lobadwa masiku asanakwane limene linamwalira mu 2022 ndi kachilombo ka Cronobacter, kamene kanapezeka pa zidutswa za pampu zotsukidwira kunyumba. Ngati zoterezi zinachitika m'nyumba ya madzi a m'mpopi, tiyenera kusamala koposa kumene madzi amatungidwa pa chitsime.

Pa kasungidwe, malangizo a CDC amati mkaka wofinyidwa kumene ukhoza kukhala maola 4 pamalo osatentha kupitirira madigiri 25, masiku 4 mu furiji, ndi maola 24 m'bokosi lozizira lokhala ndi ayezi. Ku Nsanje, Chikwawa, Tete ndi m'chigwa cha Luangwa, kumene mu Okutobala kumatentha kupitirira apo, mkaka umwetsedwe mwamsanga ndipo uikidwe m'chiwiya chovundikira, pamthunzi, pamalo ozizira kwambiri a m'nyumba.

Manja, chipangizo chimene mayi aliyense ali nacho

Mu 2016 akatswiri a bungwe la Cochrane anaunika kafukufuku wosiyanasiyana wa njira zofinyira mkaka. Anapeza kuti njira zotsika mtengo, monga kufinya ndi manja, kufunditsa bere, kulisisita, kukhazika mtima pansi ndi kugwiritsa ntchito mapampu otchipa, zikhoza kuthandiza mofanana ndi mapampu akuluakulu amagetsi, kapena kuwaposa pa zinthu zina. Kafukufuku wa Dr Jane Morton ndi anzake a ku Stanford, wotuluka mu 2009, anaonetsanso kuti amayi a ana obadwa masiku asanakwane amapeza mkaka wochuluka akamaphatikiza manja ndi pampu. M'masiku oyamba, pamene mkaka woyamba wachikasu uja umatuluka m'timadontho, manja ndiwo amathandiza kwambiri chifukwa timadonthoto timangomatirira m'zidutswa za pampu.

Kafinyidwe kake n'kotere. Mayi asambe m'manja ndi sopo, akonze kapu yotsukidwa bwino ndi kutsiridwa madzi owira. Akhale momasuka, pafupi ndi mwana ngati n'kotheka, ndipo wina amusisite kumsana kuti mkaka utsike. Aike chala chachikulu pamwamba ndi chala cholozera pansi, m'mphepete mwa mbali yakuda yozungulira nsonga ya bere. Akankhire zalazo cha ku chifuwa, kenako apsinje ndi kusiya, apsinje ndi kusiya, osakoka nsonga kapena kukhula khungu. Azisuntha zala kuzungulira bere, ndipo mkaka ukachepa pakatha mphindi 3 mpaka 5 asinthe bere. Ntchito yonse imatenga mphindi 20 mpaka 30. Masiku oyamba imaoneka yovuta, koma dzanja limazolowera monga limazolowerera kupeta.

Mkakawo umwetsedwe ndi kapu yaing'ono. Mwana akhale chokhala pang'ono, kapu ikhudze mlomo wa m'munsi, mkaka ungofika pa milomo kuti iye azimwa yekha, usathiridwe m'kamwa. M'zipinda za chisamaliro cha kangaroo, chimene chinayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 ndipo ku Malawi chinayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, makanda ambiri aleredwa ndi mkaka wofinyidwa ndi manja n'kumwetsedwa ndi kapu. Kapu imatsukika mosavuta kuposa botolo ndi nsonga yake yampira. Izi n'zofunika kuzitchula chifukwa mapampu ambiri amagulitsidwa pamodzi ndi mabotolo, ndipo mabotolo ndi nsonga zake ali m'gulu la katundu amene mgwirizano wa mayiko wa 1981 unaletsa kumutsatsa kwa amayi.

Msampha wa kuyeza mkaka ndi maso

Pali ngozi ina imene imabwera mwakachetechete. Mayi akaona kuti pampu yatulutsa mkaka wochepa m'botolo, amaganiza kuti alibe mkaka wokwanira, ndipo apongozi kapena bambo a mwana amathamangira kukagula mkaka wa m'chitini kapena kuyambitsa phala. Zimene pampu yatulutsa si muyeso wa zimene mwana amapeza akamayamwa. Zizindikiro zodalirika ndi ziwiri: mwana akukodza kosachepera ka 6 pa tsiku akapitirira masiku oyamba, ndipo akukwera ku sikelo. Banja lidziwenso kuti mwana wodalira mkaka wa m'chitini amafuna makilogalamu pafupifupi 20 m'miyezi 6 yoyamba, kutanthauza zitini 40 za magalamu 500. Mabanja ambiri sangakwanitse, ndipo amayamba kusungunula mkakawo ndi madzi ambiri, mwana n'kunyentchera. Kafukufuku wa zaumoyo ku Malawi anaonetsa kuti ana oyamwitsidwa mwakathithi anatsika kuchoka pa 71 mwa 100 alionse mu 2010 kufika pa 61 mu 2015 ndi 2016. Chipangizo chilichonse cholowa m'nyumba ya mayi woyamwitsa chiyesedwe ndi funso lakuti chithandiza kukweza chiwerengero chimenechi kapena kuchitsitsa.

Ntchito ya alangizi ndi magulu a m'midzi

Choyamba, mayi aliyense woyembekezera aphunzitsidwe kufinya ndi manja asanachire, ndipo aonetsedwenso asanatuluke m'chipatala, kaya adzagula pampu kaya ayi. Ndondomeko ya zipatala zokomera ana imene WHO ndi UNICEF anakhazikitsa mu 1991 inaika udindo umenewu pa ogwira ntchito zachipatala, ndipo magulu a amayi m'midzi atha kuupitiriza.

Chachiwiri, amayi a pa ntchito adziwitsidwe ufulu wawo. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe lamulo limapatsa mayi ola limodzi pa tsiku, kapena theka la ola kawiri, loyamwitsira kwa miyezi 6. Ku South Africa malangizo a boma kwa olemba ntchito amapereka mphindi 30 kawiri pa tsiku, ndipo ku Malawi kusintha kwa lamulo la ntchito kwa 2021 kunabweretsanso nthawi yoyamwitsira. Pampu yodula ilibe phindu kwa mayi amene akukakamizika kufinyira m'chimbudzi mothamanga. Ma esiteti a tiyi, fodya ndi nzimbe, masukulu ndi maofesi apemphedwe kupereka kachipinda koyera, madzi osamba m'manja ndi nthawi.

Chachitatu, gulu la banki m'khonde kapena la chitukuko likaganiza zogula pampu imodzi yobwereketsa kwa mamembala, liyambe lakambirana ndi a chipatala. Maganizowo ndi abwino pokhapokha pampuyo ndi yopangidwira anthu ambiri, pali ndalama zogulira mayi aliyense zidutswa zatsopano, pali magetsi odalirika, ndipo pali munthu wophunzitsidwa woisunga ndi kulemba amene waitenga. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, ndalamazo zithandiza kwambiri zikagula makapu ovundikira, sopo, chakudya cha mayi amene akudikirira khanda lake m'chipatala, kapena zikalipira thiransipoti ya bambo ndi agogo opita kukamuthandiza.

Pomaliza, abambo asasiyidwe kunja kwa nkhaniyi, pakuti m'mabanja ambiri ndiwo amagwira thumba la ndalama. Bambo amene watunga madzi, wawaza nkhuni zowiritsira ziwiya ndi kuphunzira kumwetsa mwana ndi kapu wachotsa mbali yaikulu ya mtolo umene umagwetsa amayi ulesi. Mayi akabwera kwa inu ndi funso lakuti agule kapena achite hayala, mufunseni kaye chifukwa chimene akufunira kufinya, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati kwawo kuli magetsi ndi madzi okwanira. Mukamva mayankho ake, muwerengere naye ndalama, ndipo asachoke pamaso panu asanaonetse kuti akutha kufinya ndi manja ake.